Lupanga la ku Burma lopanda deti, Border Force (nthambi yoyang'anira malire a Britain) imalandira umboni wotani?

Akuluakulu amene mumasunga zida zakale zankhondo ku Britain, ndithandizeni pa nkhani ya malupanga a chi Japan amene asilikali, kuphatikizapo a King's African Rifles, anabwera nawo kuchokera ku Burma itatha nkhondo mu 1945.

Lamulo ndikulidziwa. Kuyambira 2008, gawo 141 la Criminal Justice Act 1988 limaletsa kugulitsa kapena kulowetsa m'dziko lupanga lokhota la masentimita 50 kapena kupitirira, poyeza mowongoka kuchokera pamene chigwiriro chathera mpaka kunsonga. Kuyambira 14 Julayi 2021, ku England ndi Wales, ngakhale kulisunga m'nyumba ndi mlandu. Mmodzi mwa amene amapulumuka ndi amene wasonyeza kuti linapangidwa chisanafike chaka cha 1954, kapena kuti linasulidwa ndi manja mwa chikale.

Vuto lagona pa umboniwo, chifukwa mwini lupanga ndiye ayenera kuubweretsa. La Type 98, la maofesala a asilikali a Japan, nthawi zambiri silivuta: mukachotsa kamtengo ka nsungwi kogwira chigwiriro, mumapeza dzina la wosula ndi chaka zitazokotedwa pachitsulo cham'kati. Koma Type 95, la masajeni ndi ena a maudindo ang'onoang'ono, linapangidwa ndi makina, lili ndi nambala yokha ndi zidindo za fakitale, komanso abodza ofanana nalo ali mbwee pamsika.

Tsono amene munalowetsapo Type 95, kodi zithunzi za nambala yapampeni yogwirizana ndi yapachimake zinakwanira, kapena a Border Force anafuna kalata ya katswiri? Kalatayo iikidwe m'katundumo kapena itsogole? Yankhani msanga chonde, poti akalanda lupanga mwezi umodzi wokha ndi umene amapereka kuti munthu atsutse.