Ndifuna sitingirumu ya boho koma apongozi ati ikuoneka ngati kwa sing'anga

Make_Mapasa_Kapata:

Muli bwanji nonse muno. Ine nkhani yanga ndi iyi, tinasamukira nyumba ya lendi kuno ku Kapata mu Chipata mwezi watha, zipinda ziwiri ndi sitingirumu, pansi ndi simenti yofiira ija yopaka Cobra. Nakhala ndikuona pa Pinterest ndi pa TikTok manyumba amene amati boho, mikeka pansi, madengu pakhoma, maluwa m'miphika, tizingwe tolukaluka topachika, mitundu yosakanizasakaniza koma zooneka bwino mpaka mtima pansi. Ndiye ndinati nane ndiyese. Ndinagula malichero 5 ku Saturday Market nkukhoma pakhoma pamwamba pa sofa, ndinayala mphasa, ndinaika mtsuko pakona ndi udzu wouma mkati, ndinachotsanso madoili onse aja oluka pamipando.

Tsono Sande apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Chadiza, atangolowa anaima pakhomo kaye osakhala, kenaka ati "apongozi, kodi muno mwayamba kuombeza maula?" Bambo a mapasa anaseka mpaka misozi, ine nkhope gwaa. Madzulo ndinawapeza atatsitsa lichero limodzi akupetera mpunga.

Kunena zoona nanenso ndikayang'ana chilipo chimene sichikugwirana, sizikuoneka ngati za pafoni zija, zikungooneka ngati katundu amene akudikira galimoto yosamukira. Ndalakwitsa pati? Ndipo boho yeniyeniyo ndi chani, ili ndi malamulo ake kapena munthu umangounjika? Ndalama ndilibe zambiri, alandilodi anakananso kuti ndisapente khoma mtundu wina.

Ticha_wa_Histore:

Amake mapasa mwandiseketsa ndili mu stafu rumu. Ndiyankheko mbali ya dzinalo poti ndiye ntchito yanga. Boho ndi kudula mawu akuti bohemian. Bohemia ndi dera la ku Czech Republic, kumene kuli mzinda wa Prague, koma musaganize kuti anthu a kumeneko ndiwo amakhoma madengu pakhoma, ayi. Afalansa ndiwo ankatcha Aromani, anthu oyendayenda aja, kuti bohémiens poganiza kuti anachokera ku Bohemia. Ndiye m'zaka za m'ma 1800 dzinali linagwera anyamata ojambula ndi olemba ndakatulo a ku Paris amene analibe ndalama, ankakhala m'tizipinda ta lendi tapamwamba penipeni pafupi ndi denga, mipando yotola, nsalu zakale zophimbira pong'ambika. M'ma 1960 ndi 1970 mahipi, achinyamata a ku America ndi ku Ulaya amene ankakana makhalidwe a makolo awo, anaitolanso, akapita ku Morocco kapena ku India ankabwerako ndi makapeti, mapilo ndi nyale nkudzaza m'nyumba.

Ndiye mukaona bwino inayamba ngati nyumba ya munthu wosauka koma wa maso. Lendi munali kale, ndalama mulibe, mwakwanitsa mbali ziwiri kale amayi, kwatsala masowo.

Nya_Mfuwe_Road:

Ase, ine ndinadutsamo momwemo, ndikuuzeni pamene pakulakwika ngakhale sindinaone chithunzi. Mwagula zinthu zonse tsiku limodzi ndipo zonse ndi za mtundu umodzi wa udzu wouma, lichero khaki, mphasa khaki, udzu khaki, ndiye pansi pofiira ngee, khoma la kirimu la alandilodi. Palibe chofewa, palibe chobiriwira. Chimene chimakomesa zithunzi zija si madengu ayi, ndi nsalu ndi masamba, madengu amangothandizira.

Yambani ndi chitenje chimodzi chimene mumachikonda zedi, osati cha chipani kapena cha tchalitchi chokhala ndi nkhope ya munthu chonde, chikhale cha maluwa kapena mizeremizere. Muyang'ane mitundu imene ilimo musankhepo iwiri kapena itatu basi, ndiye china chilichonse cholowa mchipindamo chizitengera pamenepo. Poti pansi panu ndi pofiira kale musalimbane napo, tengani chitenje chokhala ndi kufiira kwa katondo, chikasu chakupsa ngati cha dzungu ndi kakuda pang'ono. Mamita awiri amakwana makava a makushoni atatu kapena anayi ngati ali aang'ono, telala aliyense pamsika akusokerani, muwauze aike zipi kuti muzichapa poti muli ndi mapasa. Makushoni asafanane onse, ena a chitenje ena a nsalu yopanda maluwa, mukapanga onse chitenje chimodzi ndi makatani omwe ziwoneka ngati yunifomu ya kwaya.

Ku salaula musamangoyang'ana madiresi, pitani kwa aja ogulitsa mabedikava ndi makatani, mumapezeka tizofunda toluka ndi manja, matebulo kilofu a mphonje, nthawi zina kakapeti. Ine changa choyala pa sofa ndinachipeza pansi pa mulu, chinali ndi kabowo kamodzi kamene ndinakabisa kumbuyo. Muchape ndi madzi otentha muyanike padzuwa tsiku lonse musanalowetse m'nyumba, nsikidzi sizidziwa boho.

Malichero asakhale pamzere ngati asilikali, ndipo asakhale a saizi imodzi. Sakanizani, lichero lalikulu limodzi, tinsengwa tiwiri, kadengu ka mlaza kokhala ndi mizere yakuda, muwaunjike pafupipafupi ena akhudzane, mbali imodzi ya khoma, kwinako kusiye kupume. Muyambe mwawayala pansi nkujambula ndi foni muone ngati akugwirana musanakhome msomali, apo ayi dipoziti yanu ithera kutseka mabowo.

Ngati mudzapite ku Mfuwe mukalowe ku Tribal Textiles mukaone chabe, amajambula pansalu ya thonje ndi phala la ufa, likauma amapaka utoto ndi manja, kenaka amachapa phalalo nkutsala mizere yoyera. Mitengo yake ndi ya alendo obwera kudzaona nyama ku South Luangwa, ine ndinangogula kava imodzi, koma maso anaphunzira kasakanizidwe ka mitundu.

Kalipentala_Katete:

Ine za mitundu sindidziwa, ndilankhule za tizilombo. Zinthu za nsungwi ndi bango zimafumbwa. Mukaona kaufa koyera pansi pa lichero kapena pa sofa m'mawa dziwani kuti alowa kale, ndipo sakhala pamodzi, asamukira ku dengu lina. Nsungwi yodulidwa isanakhwime ndiyo imafumbwa msanga poti mkati mwake muli chakudya chawo, nchifukwa chake akuluakulu ankaiviika m'madzi masabata angapo asanaluke, kapena kuika lichero pamwamba pa moto kukhitchini kuti lizilandira utsi. Lichero la agogo lakuda lija silifumbwa wamba. Anu atsopanowo muwagogode kaye muone ngati mukutuluka ufa, muwaike padzuwa lamphamvu, kenaka vanishi wosawala kawiri mbali zonse ziwiri. Koma mukapaka vanishi muwauze apongozi asapeterenso mpunga.

Mphasa isagone pansi nthawi ya mvula ngati simenti yanu imatuluka chinyezi, imachita nkhungu pansi pake inu osadziwa, ndipo chiswe chikapeza mng'alu chimaimaliza usiku umodzi. Muziinyamula Loweruka lililonse.

China, musataye ndalama pa mashelufu a chipibodi aja owala, akangonyowa amatupa basi. Thabwa la mlombwa ngakhale lakale lochoka pachitseko, kulipala bwino nkupaka mafuta, kuika pa njerwa zootcha zinayi, ndi shelufu kale ndipo simukhoma khoma la eni ake. Mtondo wakale wong'ambika pansi umene amayi akufuna kuwaza nkhuni, utembenuzeni, ndi katebulo koikapo kapu.

Gogo_wa_pa_WhatsApp:

Ana inu mundiseketsa. Ife tinavutika kuchoka pa mphasa kuti tikhale pa sofa, tinasunga ndalama zaka kuti tigule divaida yoikamo mbale za alendo zimene sitinadyerepo mpaka lero, tsono inu mwaphunzira mwagwira ntchito mukubwereranso pa mphasa nkumati ndi za pa intaneti. Mayi anga ku Lundazi ankazira nyumba ndi dothi lakuda pansi, khoma ankalemba ndi katondo ndi dothi loyera, zikho zili pakhoma, mtsuko uli pakona. Palibe anawajambula.

Koma mwana wanga, apongozi ako usawaone ngati sadziwa kanthu. Kwa ife lichero ndi chiwiya, malo ake ndi kukhitchini, ukaliika pabalaza pamene pakhala alendo zili ngati wapachika poto. Ndipo madoili amene wachotsawo ndani analuka? Ngati ndi iwowo ndiye mlandu suli pa lichero. Bwezera ngakhale awiri.

Nya_Mfuwe_Road:

Agogo mwalasa. Ndipo madoili oluka ndi koloshi ndi boho yeniyeni, anthu akunja amachita kuwasaka. Ikani limodzi pansi pa mphika wa maluwa lina pa mtondo uja wanenedwa.

Ndinaiwala za zomera. Osagula zodula, pemphani timphukira kwa aneba, snake plant ndi aloe vera sizifa ngakhale muiwale kuthirira sabata ziwiri, money plant imayanga yokha pa windo. Ngakhale kandolo, ikani theka m'botolo la madzi muone mmene atulutsire masamba otsika ngati katani, kungoti madziwo muzisintha pakatha masiku ochepa kuopa udzudzu. Mukadzala mu mphika wadothi muboole pansi pang'onopang'ono ndi msomali, mukafulumira usweka. Zopachikira zolukaluka zija dzina lake ndi macramé, ndi mfundo chabe, chingwe cha thonje kapena cha khonje ndi mavidiyo awiri a pa YouTube mwatha. Thonje timalima tokha kuno kum'mawa koma chopachikira mphika tikaitanitse ku China, ayi mwandi.

Mnyamata_wa_Mchini:

Ine ndingotsutsako pang'ono. Zithunzi mukuonazo ndi za kumene kulibe fumbi. Kuno ikafika Ogasiti mpaka Okutobala mphepo ija ikayamba, chilichonse cha mphonje ndi cholukaluka chimasanduka chosefera fumbi, mlongo wanga anadzaza nazo nyumba lero amangoyetsemula, akangaude ndiye anapeza mapuloti kuseri kwa madengu. Ngati mulibe nthawi yokuntha sabata iliyonse chepetsani. Komanso udzu woumawo mu mtsuko, magetsi akapita musayatse kandulo pafupi, ndi mapasa othamangathamanga m'nyumba ndi ngozi imeneyo. Gulani kanyale ka sola muike mkati mwa dengu loluka motalikitsa, kuwala kumatulukira m'mipata nkujambula khoma lonse, nzokongola kuposa kandulo.

Make_Mapasa_Kapata:

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Agogo mwandigwira, madoili analuka ndi apongozi omwewo, anatipatsa pa ukwati, ine sindinaganizeko nkomwe. Ndawatulutsa mu sutikesi usiku womwe uno.

Dzulo ndinatsitsa malichero onse, awiri anali ndi kaufa kaja a Kalipentala ananena, ali padenga la bafa akuwotha dzuwa. Udzu ndataya. Chitenje ndasankha chimene ndinavala ku Nc'wala ku Mtenguleni chaka chatha, chili ndi kufiira ndi chikasu, telala ati Lachinayi makava atha. Kandolo ali kale m'botolo la mayonezi pa windo ngakhale mmodzi wa mapasa wamuluma kale mbali.

Apongozi ndinawaimbira kuwafunsa ngati kumudzi kuli mtondo wakale umene sagwiritsa ntchito. Anakhala chete kaye, kenaka ati ulipo wa malemu amayi awo, koma ndiwauze kaye ngati ndikufunanso munsi wake kuti adziwe pouza anthu kuti mpongozi wawo wadwala chani. Abwera nawo pa 15. A Kalipentala, mtondo woti wakhala panja zaka zambiri ndiyambe ndaupala ndi sandipepa nambala chani, ndipo mafuta ake ndi ati, ophikira omwewa angachite?