Kodi nditumize makadi akale kukayesedwa tsopano, kapena ndidikire makompyuta?

Wa ku Chamama:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Malume anga anandisiyira makadi a masewera a Pokémon a 1999 amene anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Ndamva kuti ogula akunja salipira bwino pokhapokha khadi litayesedwa ndi kampani ngati PSA ya ku America, imene imalipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 10 n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki. Kodi nditumize tsopano, kapena ndidikire kuti makompyuta atenge ntchitoyi?

Wa ku Santhe:
Achimwene, makompyutawo analowa kale. PSA inagula kampani ya Genamint, yopanga mapulogalamu a kompyuta oyesera makadi, mu 2021, chaka chomwe inaimika kaye kulandira makadi ambiri chifukwa anali ataunjikana, ndipo kampani ina yotchedwa TAG imadalira makina poyesa. Makina amaona bwino ngati chithunzi chili pakati, ngati ngodya zapindika, ngati m'mphepete mwanyotsoka kapena pamwamba pakalika. Ine ndikuwalandira ndi manja awiri, chifukwa zimapweteka kuti khadi limodzi lomwelo lipeze 8 lero, mwini wake aswe kabokosi, alitumizenso, libwere ndi 9.

Wa pa Boma:
Bambo a ku Santhe, pa makadi atsopano ndikugwirizana nanu, koma pa akale nkhani yaikulu si muyeso ayi, ndi chinyengo. Khadi loyamba limene PSA inayesa mu 1991 linali la Honus Wagner, katswiri wa masewera a baseball ku America, limodzi mwa makadi amene ankaikidwa m'mapaketi a ndudu kuyambira 1909, ndipo linapatsidwa 8. Mu 2013 Bill Mastro, wogulitsa makadi, anavomera m'khoti kuti analidula m'mphepete kuti lioneke lowongoka. Ife amene tinaonapo fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma tikudziwa kuti belo likhoza kukongola pamwamba pamene m'kati muli zina. Makina adzathandiza kusunga chithunzi cha khadi lililonse kuti likabweranso litasinthidwa lidziwike, koma kuzindikira pepala lakale ndi utoto wopakidwanso kudzafunabe munthu amene wagwira makadi oterewa zaka zambiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Kampani ina yoyesa makadi ya SGC, imene inayesa khadi la 1952 la katswiri wa baseball Mickey Mantle lomwe linagulidwa pa madola 12.6 miliyoni mu 2022, inagulidwa mu 2024 ndi Collectors, eni ake a PSA. Oyesa akakhala m'nyumba imodzi, wodandaula adzathawira kuti?

Wa ku Mtunthama:
Kwa inu mwafunsa, musathamangire kutumiza onse, popeza mudzalipira m'madola, kuphatikiza mtengo wotumizira ndi wobwezera, pamene ndalama zakunja zikuvuta chonchi. Yambani mwaona ngati ali enieni, pakuti abodza ndi ambiri, ndipo yang'anani kachidindo ka "Edition 1", kosonyeza makadi osindikizidwa koyamba, kumanzere, m'munsi mwa chithunzi. Mukapeza Charizard (chimodzi mwa zilombo za Pokémon) wonyezimira, ameneyo ndiye woyamba kumuganizira. Enawo ikani lililonse m'kathumba kake, kutali ndi chinyezi cha dzinja, mphemvu ndi chiswe, ndipo musawamange ndi mphira, chifukwa imadya m'mphepete.