Ndabwerako ku KubeCon, zikomo nonse

Ndafika bwino kuno ku Lilongwe kuchokera ku KubeCon ya 2025 ku London, msonkhano waukulu wa akatswiri a Kubernetes, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena pa makompyuta ambiri. Zikomo abale nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene munthu wopita koyamba angakonzekere.

Ndinatsatira malangizo a achimwene ena amene anandiyankha oti ndisathamangire nkhani iliyonse, poti a CNCF, bungwe lokonza msonkhanowu, amaika makanema ake pa YouTube. Analondoladi. Phindu lenileni ndinalipeza panja, pocheza ndi anthu. Mayi wina wodziwa bwino Prometheus, pulogalamu yoyang'anira mmene makompyuta akugwirira ntchito, anakhala nane pansi, laputopu pamiyendo, n'kundionetsa chomwe chimachititsa ma alert (machenjezo) athu kulira usiku wonse. Mtima wanga unakhala pansi.

Amene mudzapite, yambani za visa msanga, yanga inatuluka kutatsala masiku ochepa. Funsiraninso thandizo la Dan Kohn Scholarship, lothandiza anthu kupita ku msonkhanowu. Nsapato zikhale zofewa, ExCeL, kumene msonkhano unachitikira, ndi chinyumba chachitali zedi.