"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere": kodi ndi nyereredi?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu timaunena pochenjeza munthu amene watengeka ndi maonekedwe. Koma makolo ankanena mkuyu uti, poti mikuyu ilipo yambiri? Nanga tizirombo timene timapezeka m'kati mwa nkhuyu, ndi nyereredi?

Phiri wa ku Zomba:
Mayi, tanthauzolo ndi lomwelo: chikomekome ndi kukoma kwa pamaso chabe, zenizeni zimadziwika ukang'amba. Mtengo woyenerana ndi mwambiwu ndi mkuyu waukulu wa m'mbali mwa mitsinje, wa khungwa lachikasu motuwira, umene akatswiri a zomera amautcha Ficus sycomorus. Nkhuyu zake zimabereka mothithikana pa tinthambi totuluka pathunthu ndi panthambi zikuluzikulu, ndipo zikapsa zimafiira mokopa. Ulipo wina, Ficus sur, womwenso ambiri amangouti mkuyu. Mukafuna kusiyanitsa onani masamba. A sycomorus ndi obulungira komanso okhakhala mukawasisita, pomwe a sur ndi otalikirapo, osalala, a mano m'mphepete, ndipo amaphuka ofiira.

Yonseyi ili m'gulu la Ficus, limene katswiri wa zomera Linnaeus analipatsa dzina mu 1753. Gululi lili m'banja la Moraceae pamodzi ndi mabulosi, ndipo lili ndi mitundu pafupifupi 850: mitengo, zitsamba, ina yoyanga. Katswiri wa ku Netherlands, C.C. Berg, analigawa m'zigawo 6. Mikuyu iwiri ija ili m'chigawo cha Sycomorus. Kachere ali m'chigawo cha Urostigma, cha mitengo yokonda kumera pa mtengo unzake n'kutsitsa mizu mpaka kuupana. Chizindikiro cha onsewa ndi utomoni woyera ngati mkaka mukathyola tsamba.

Mbewe:
A Phiri ayankha za mtengo, ine nditenge za nyererezo. Nkhuyu si chipatso wamba. Ndi kathumba komwe maluwa mazanamazana ali m'kati, n'chifukwa chake palibe amene anaonapo mkuyu utachita maluwa. Kunsonga kwake kuli kabowo kotsekeka ndi timamba tosanjikizana. Mungu umalowa pamenepo, ndipo amene amaubweretsa ndi timavu tating'ono kwambiri, totalika ngati mamilimita 2. Pa sycomorus kamavu kake ndi Ceratosolen arabicus.

Zimayenda chonchi. Kakakazi kamadzipanikiza pa kabowoko nkhuyu ikadali yaiwisi, mapiko amathothoka polowapo, ndiye sikatulukanso. M'kati kamapaka mungu pa maluwa aakazi n'kuikira mazira mu ena mwa maluwawo, kenako kamafera momwemo. Duwa lolandira dzira limasanduka chisa cha mphutsi, lolandira mungu wokha limabala njere. Pakatha milungu ingapo amayamba kutuluka ndi aamuna. Amenewa alibe mapiko, ndi ofiirira, thupi lopindika, ndipo munthu wong'amba nkhuyu akawaona akuyendayenda sangachitire mwina koma kuti ndi nyerere. Amakwera aakazi akadali m'zisa zawo, n'kuboola khoma la nkhuyu. Aakazi amatapa mungu ku maluwa aamuna, omwe amakhwima nthawi yomweyo, n'kutulukira pa bowolo kukasaka mkuyu wina. Moyo wawo kunja ndi wa tsiku limodzi kapena awiri, komabe mphepo imawatenga kutali: ku Namibia, m'mbali mwa mtsinje wa Ugab, anapeza kuti mungu unayenda makilomita oposa 160.

Gogo Nambewe:
A Mbewe, musawalande makolo nzeru zawo. Nyerere zenizeni zimalowamo ndithu. Bowo lotulukira timavu likangotseguka, nyerere zimakhamukira kudzagwira timavuto ndi kudzanyambita zotsekemera, makamaka mu nkhuyu zogwa pansi. Nthawi imeneyo ndi imene nkhuyu imafewa ndi kufiira, ndiye yooneka bwino kwambiri ndi imene ili ndi alendo ochuluka. Mwambiwu unachokera kwa anthu oona bwino.

Mbewe:
Zoona agogo, zonse ziwiri zimapezeka. Wofuna kudzionera yekha atole nkhuyu 10 zomwe zayamba kufewa koma zilibe bowo, azithyole pamtengo, osati zapansi. Aziike m'botolo louma, atseke kukamwa ndi kansalu kopyapyala n'kumanga ndi mphira, aliike pamthunzi. Pakatha tsiku kapena awiri timavu ta mapiko tidzakhala titadzaza pa kansaluko. Akatseka ndi chivindikiro botolo limachita thukuta, nkhuyu zimachita nkhungu, timavu timamatirira n'kufa. Akang'amba imodzi ndi lezala adzaona aamuna aja. Timavu tina tokhala ndi kamchira kataliatali si tobweretsa mungu, timaikira mazira poboola khungu la nkhuyu tili kunja.

Nachisale:
Ndiye nkhuyu yopanda tizirombo imakhalapo?

Phiri wa ku Zomba:
Kwathu kuno imene sinalowedwe ndi kamavu nthawi zambiri imangoyoyoka isanakhwime. Ku Egypt sycomorus amabzalidwa kuyambira kalekale koma kamavu kake kulibe, choncho sabala njere. Alimi amacheka nkhuyu iliyonse pang'ono ndi kampeni ikadali yaing'ono kuti ipse msanga, ndipo mitengo yatsopano amaichulukitsa pozika nthambi zodula.