Apongozi akubwera pa Khirisimasi: malichero a malemu ndipachike pakhoma kapena ayi?

Make Tadala (Area 25, Lilongwe):

Amayi anzanga ndi abambo muli muno, ndithandizeni nzeru, nkhani yake ndi yaitali pang'ono koma mupirire nane.

Chaka chino Khirisimasi idyedwera kwathu. Apongozi anga aakazi akuchokera ku Ntcheu pa 22 Disembala, ndipo aka ndi koyamba kudya Khirisimasi popanda amuna awo, omwe anatisiya mwezi wa Epulo. Alamu anga awiri akubweranso ndi ana awo, ndiye tikhalapo anthu 13 m'nyumba ya zipinda zitatu. Ndalama yomwe tasunga ikuthera mpunga, nkhuku, mafuta ndi thiransipoti ya amayiwo. Zokongoletsa za m'sitolo ndinangofunsa mtengo n'kutuluka mwakachetechete ngati ndaiwala chikwama.

Chaka chatha ndinayesa kupanga ndekha. Ine ndi ana tinadula mapepala amitundumitundu, tinaphika phala la ufa wa chinangwa n'kumata unyolo wautali kuzungulira pabalaza ponse. Unakongola masiku atatu okha. Mvula itagwa motsatizana mapepala anafewa, utoto wofiira unatsikira pakhoma, ndipo usiku mphemvu zinabwera kudzadya phalalo. Pofika pa 25 unyolo unali utaduka malo anayi, ukulendewera ngati matumbo a mbuzi pa butchala. Bambo a kunyumba mpaka lero amandiseka nazo.

Tsono funso langa lenileni ndi ili. Malemu apongozi anga anali mmisiri woluka ndi nsungwi. Titapita kumaliro, amuna anga anatengako malichero anayi, nsengwa ziwiri ndi dengu limodzi lomwe bambowo anali asanamalize kusoka mkombero wake. Zili pamwamba pa wadirobu. Ine ndikuganiza zopachika malicherowo pakhoma la pabalaza, pakati pake ndiikepo maluwa a zidutswa za chitenje, dengu losamalizalo ndipangemo kakhola ka Yesu. Amuna anga akuti ndisayerekeze, amayi awo akangolowa n'kuona malichero pakhoma adzaganiza zina. Kodi ndi zoona? Ndipo kupatula malicherowo, ndingapangenso chiyani choti chipirire chinyezi cha Disembala mpaka Chaka Chatsopano?

NaPhiri wa ku Chilomoni:

Asisi, amuna anu akunena zoona, muwamvere. Ife a m'tauni tazolowera kuona malichero pakhoma m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anzathu, koma kwa munthu wamkulu wakumudzi lichero ndi la kukhitchini, lopetera. Komanso tonse tinakula tikumva zoti afiti amauluka pa lichero. Kaya ndi zoona kaya ndi nthano, mayi woti wangoferedwa kumene asapeze mpongozi wake atapachika malichero anayi a malemu pakhoma. Mawa mwana akadwala malungo mudzamva zanu.

Bambo a Chisomo:

Aaa NaPhiri, mpaka pamenepo? Lichero ndi nsungwi basi. Tikamaopa chilichonse ndiye tisiyenso kusesa usiku.

NaPhiri wa ku Chilomoni:

Bambo a Chisomo, inu apongozi anu mumaonana nawo kamodzi pachaka, mumapereka moni mutatalikira n'kumapita. Amene amakhala nawo kukhitchini tsiku lonse ndi mkazi. Musiyeni mnzathu amve kwa amayi anzake.

Agogo a Mwayi (Mponela):

Mwanawe, ine ndine wamasiye, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Ndikuuze mmene zimakhalira mumtima mwa munthu ngati apongozi akowo. Chimene chimapweteka si kuona zinthu za malemu. Kunyumba kwawoko akuziona tsiku lililonse, mpando wawo, chipewa chawo, mpeni womwe ankasendera nsungwi. Chopweteka ndi kudzidzimutsidwa, kulowa m'nyumba ya eni uli ndi chikwama kumutu, ana akukuthamangira, maso n'kugwera pa chinthu chomwe unachiona chikulukidwa pakhonde pako, ndiye uyambe kulira pamaso pa adzukulu usanakhale n'komwe pansi.

Ndiye usapachike iwo asanabwere. Usawafunsenso pa foni, chifukwa pa foni adzangoti “chitani mmene mwaonera” pomwe mumtima sakufuna. Akafika, apume, adye, agone. Mawa lake pa 23 iwe ndi mwamuna wako mutsitse zinthuzo, muwayalire pamphasa, mwamunayo ndiye ayankhule poti ndi mwana wawo. Anene kuti amayi, tinkafuna adzukulu aone ntchito ya manja a agogo awo pa Khirisimasi ino, inu mukuona bwanji. Akakana, mwabweza pa wadirobu, palibe chatayika. Koma ine ndikuganiza kuti sadzakana. Mwina adzakuuzani okha kuti ili lipite apa, ili ndi lomwe analuka chaka chakuti.

Za ufitizo usade nazo nkhawa kwambiri. Mkazi amene wakhala zaka zonsezo ndi mmisiri wa malichero, nyumba yake inkadzaza malichero mpaka kudenga podikira tsiku la msika. Iyeyo saliona ngati ndege ya usiku, amaliona ngati sopo ndi mchere zomwe zinalera ana ake.

Dengu losamalizalo lokha ndiye ndikukayika. Limenelo ulisiye kaye, n'kutheka kuti ndi lomwe anali nalo m'manja masiku omaliza.

Make Tadala (Area 25, Lilongwe):

Agogo, mwandiliza. Zoti ndidikire afike sindinaziganize n'komwe, ine ndimafuna adzapeze zonse zili mbee. Denguli ndilisiyadi.

Telala wa pa Mchesi:

Ine ndiyankhe za chinyezi. Pepala ndi phala siyani, Disembala si mwezi wake. Gwiritsani nsalu ndi ulusi. Pitani kwa telala aliyense wa kufupi nanu sabata ino, musachedwe, chifukwa pano tikusoka zovala za Khirisimasi usiku ndi usana ndipo zidutswa za chitenje zikudzaza matumba. Ambiri timangopereka, ena amafuna kangachepe.

Unyolo wa nsalu supanga vuto. Dulani zidutswa zamakona atatu zazikulu ngati chikhatho, pindani m'mphepete mwa pamwamba pa chingwe cha khonje kapena ulusi wolukira, n'kusoka ndi singano yamanja. Ngati mulibe nthawi yosoka, ng'ambani timizere totalika ngati dzanja n'kumangomanga mfundo pa chingwecho mothinana, ana a zaka zisanu amatha. Maluwa aja mukufuna kuika pakati pa lichero, jambulani bwalo pa nsalu pogwiritsa ntchito sosala, dulani, sokani mothamanga kuzungulira m'mphepete, kokani ulusi, nsalu ifwinyika yokha n'kukhala ngati duwa. Pakati ikani batani lakale. Pomangirira pa lichero lowetsani ulusi m'mipata ya nsungwi, musabaye ndi msomali kapena kuthira guluu, kuti pa 2 Januwale mudzangodula ulusi lichero n'kubwerera mwakale.

Langizo limodzi: musasakanize zitenje zonse zomwe mwapatsidwa. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu. Ndipo yang'anitsitsani zidutswazo, chifukwa m'thumba la telala mumakhala nsalu za zipani ndi za mipingo. Mnzanga wina anapachika unyolo wokongola, alendo atakhala pansi n'kuona diso la mtsogoleri wa chipani likuwayang'ana pamwamba pa chitseko.

Mlongo wa ku Ndirande:

Telala mwandiphetsa ndi phwete. Zinandichitikira ndi nsalu ya chigwirizano cha amayi a mpingo wina, pomwe alendo anga anali a mpingo winanso.

Bambo a Chisomo:

Za mtengo wa Khirisimasi bwanji? Ife timangodula nthambi ya mkungudza n'kuika mu ndowa ya mchenga, fungo lake nyumba yonse imakoma.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:

Bambo a Chisomo, ndikhulupirira mukunena mitengo ija anthu amadzala ngati mpanda m'mayadi, poti ambiri amaitchulanso kuti mkungudza. Imeneyo dulani nthambi pa mpanda wanu, palibe mlandu. Koma mkungudza weniweni wa m'phiri la Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo watsala pang'ono kutha chifukwa chodulidwa mwakuba. Wina akakugulitsani nthambi kapena timabokosi n'kumati ndi wa ku Mulanje, dziwani kuti mukuthandiza kumaliza.

Make Tadala, ine ndimachita chonchi. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye pano mbande zili paliponse m'mbali mwa misewu. Gulani mbande imodzi yokulirapo, kaya ya paini, kaya ya ndimu kapena mango, muiike mu mphika wadothi kapena ndowa yokutidwa ndi chitenje. Ana apachikepo tinthu topepuka. Pakatha chikondwerero mukaidzale panja mvula ikadalipo. Nthambi yodula ija pakatha masiku asanu imayamba kuyoyoka, mumangokhalira kusesa. Mbandeyo muziitulutsa masana ilandireko dzuwa.

Make Tadala (Area 25, Lilongwe):

Aphunzitsi, ife ndi a lendi, koma mbande ya ndimu amayi angathe kupita nayo ku Ntcheu. Ndaikonda imeneyo.

Nachisale (Johannesburg):

Ine kuno zokongoletsa zili mbwee m'masitolo, zotchipa, koma chaka chilichonse ndimasowa nyumba ya agogo anga ku Dedza. Sabata ya Khirisimasi amayi onse a m'mudzi ankapita kudambo kukakumba dothi lakuda lozira. Ankazira pansi ndi pakhonde, n'kutsutsuta ndi mwala wosalala mpaka pansi kumawala. Kenako m'munsi mwa khoma ankalembamo ndi dothi loyera ndi lofiira, mizere yokhotakhota, maluwa, wina mpaka kulemba chaka. Ife ana ntchito yathu inali kutunga madzi ndi kukalipiridwa tikaponda posauma. Panalibe chogula ngakhale chimodzi.

Ndiye musaganize kuti apongozi anu sadziwa zokongoletsa nyumba pa Khirisimasi. Akudziwa kuposa inu. Nyumba ya lendi ya simenti simungazire, koma apatseni miphika iwiri yadothi ndi laimu pang'ono kapena dothi la mitundu, muone zomwe adzajambulepo. Munthu woferedwa kumukhazika pa sofa tsiku lonse n'kumamupatsa tiyi ndi kumuwonjezera maganizo. Manja ake akhale ndi chochita.

Mai a Dalitso (Zomba):

Za khola la Yesu, poti dengu mwalisiya, tengani nsengwa imodzi kapena katoni yaing'ono muifolere ndi udzu wouma. Anthu ake aumbeni ndi dongo, ana aamuna amene amaumba ng'ombe kudambo ndi akatswiri pa zimenezi. Koma muumbe sabata ino, ziume pamthunzi masiku angapo kenako muziike pafupi ndi mbaula, apo ayi Yosefe adzathyoka khosi pa 24. Zovala zawo ndi tizidutswa ta telala tomwe tija. Amene munafikako ku Mua, ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema omwe wansembe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, munaona mmene amisiri a kumeneko amasemera Mariya ndi Yosefe ngati anthu a kwathu konkuno, mayi atavala chitenje. Ndiye musavutike kufuna kuti afanane ndi a pa khadi.

Makoko a chimanga amapanga angelo okongola, mumawanyika m'madzi ofunda kuti afewe, n'kumanga ndi ulusi pakhosi ndi m'chiuno. Vuto ndi loti Disembala makoko ouma ndi osowa, anthu anakolola kale mu Meyi. Afunseni amayiwo ngati asungako m'nkhokwe abwere nawo, pamodzi ndi zitsononkho ndi zikho zakale.

Telala wa pa Mchesi:

Ndaiwala chimodzi. Malicherowo akhala pa wadirobu kuyambira Epulo, atsitseni lero muwagogode pa nsalu yakuda. Mukaona ufa woyera ukugwa ndiye kuti ayamba kufumbwa. Kumudzi amawasunga kukhitchini kumene utsi umawafika, n'chifukwa chake amakhalitsa. Ayanikeni padzuwa likangotuluka, apukuteni ndi kansalu kouma, musawatsuke ndi madzi nyengo ino, achita nkhungu.

Mlongo wa ku Ndirande:

Ndipo chonde makandulo kutali. Udzu wouma, nsungwi, nsalu, ana asanu ndi kaya angati akuthamangathamanga, magetsi akangozima wina ayatsa kandulo pafupi ndi kakholako. Gwiritsani tochi ya foni kapena kanyale ka sola. Komanso nyale yowala musaiike pafupi ndi zenera lotsegula madzulo mvula ikagwa, ngumbi zidzadzaza mu mpunga wa alendo.

Bambo a Chisomo:

Ngumbi zikabwera ndiye ndiwo zawonjezekera, vuto lili pati?

Make Tadala (Area 25, Lilongwe):

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera kudzakuuzani pomwe zafika. Malichero ndatsitsa, limodzi linayambadi kufumbwa m'mphepete, enawo ali bwino, ali padzuwa pano. Kwa telala wa pa msika ndatengako thumba lodzaza, ndipo a Telala munanena zoona, ndapezamo zidutswa za zipani ziwiri zosiyana, ndazipatula zikhala zopukutira mbaula. Tadala ndi mng'ono wake amanga kale mfundo chingwe chofika mamita atatu, akukangana kuti wofiira wachuluka mbali ya ndani.

Amuna anga ndawawerengera zomwe analemba agogo a Mwayi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati adzayankhula okha ndi amayi awo pa 23. Dzulo anawaimbira kuwapempha makoko ndi zikho. Amayiwo anafunsa kuti za chiyani, atauzidwa anaseka, n'kunena kuti makoko alipo koma atenganso dothi lofiira la kuseri kwa nyumba, poti la ku Lilongwe salikhulupirira.

Funso latsala limodzi: khomali ndi la eni ake ndipo analetsa kukhoma misomali. Ngati amayi avomera, malichero atatu ndingawapachike bwanji osaboola pulasitala?

Telala wa pa Mchesi:

Muli ndi chitsulo cha makatani? Mangani chingwe cholimba kuchokera pamenepo kukafika pa msomali wa kalendala kapena wa wotchi womwe ulipo kale, malichero alendewere pa chingwecho ndi ulusi. Ndi opepuka, sagwa. Lofumbwalo musalitaye, muikemo mango patebulo.