Square extends Rectangle wandibwezera, ndalakwitsa pati?

chaka_chachiwiri:
Akuluakulu ndithandizeni chonde. Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo semesita ino tikupanga OOP (object-oriented programming) ndi Java. Chaka chatha zimayenda, class, object, constructor, ma getter ndi ma setter zonsezo ndimazimva, koma pano tafika pa inheritance ndi polymorphism mutu waima. Anatipatsa asayimenti ya ma shape, ine ndinalemba class Rectangle kenako Square extends Rectangle poti ku masamu square ndi rectangle basi. Lecturer wandibwezera akuti design ndi yolakwika pomwe code ikukompaila bwinobwino ndipo ansa ikutuluka yolondola. Vuto lili pati? Komanso abstract class ndi interface kwa ine zikuoneka chimodzimodzi, ndigwiritse iti nthawi iti?

mkulu_wa_ma_bug:
Aise usadandaule, pamenepo timagwa ambiri. Ndikuganiza kuti mu Square unapanga override setWidth ndi setHeight kuti akasintha imodzi inayo isinthenso, eti? Ndiye tayesa izi. Lemba method yolandira Rectangle, mkatimo iyike width 5, height 4, kenako ifunse area. Aliyense akuyembekeza 20. Tsopano ipatse Square wako uja, ituluka 16 chifukwa setHeight yakokanso width kukhala 4. Amene analemba method ija sanalakwe kalikonse, analonjezedwa Rectangle koma wapatsidwa chinthu chokhala ndi khalidwe lina. Ndi zimene Barbara Liskov ananena mu 1987, kuti subclass izitha kulowa pamalo pa kholo lake popanda pulogalamu kusokonekera, ndiye L uja wa mu SOLID, mfundo zisanu zija za design ya OOP, mukumanenso naye kutsogoloku. Compiler siingakugwirire zimenezi, iyo imangoona ma type, khalidwe siliona.

chaka_chachiwiri:
Eee ndayesa, yatulukadi 16! Nanga ndikachotsa ma setter onse zingakhale bwino?

mkulu_wa_ma_bug:
Ukachotsa ma setter, object osasinthanso ikangopangidwa, vuto limenelo latha ndithu. Koma ine ndikanapanga Shape pamwamba, Square ndi Rectangle aliyense payekha pansi pake, nkhani yatha.

dev_wachitsikana:
Ndiyankheko funso lachiwirilo poti achimwenewa alidumpha. Ku Java class imapanga extends class imodzi yokha koma implements ingapange ma interface ochuluka momwe ukufunira. Anachita dala pothawa chisokonezo cha ku C++ komwe class ikhoza kukhala ndi makolo awiri onse ali ndi method ya dzina limodzi, osadziwika kuti itengedwe ya ndani. Ndiye malo a extends ndi amodzi, osawawononga pachabe. Abstract class ikhoza kusunga ma field ake ndi constructor, interface ilibe constructor ndipo ma field ake ndi ma constant okha. Chikukusokonezani mwina ndi choti kuyambira Java 8 ya 2014 interface imaloledwa kukhala ndi default method yokhala ndi code mkati, ndiye zimafananako, koma data ya object siisungabe.

Ine ndimadzifunsa chonchi, kodi ma class awa ali ndi data komanso code yofanana yoti ndisamabwereze kulemba? Ngati eya, abstract class. Ngati ndikungofuna kunena kuti chinthuchi chimatha kuchita chakuti, interface. Onani Comparable, String amaigwiritsa ntchito, Integer nayenso, pomwe awiriwa sali pachibale. Pa asayimenti yanuyo ngati Shape ili ndi area yokha interface ikukwana, koma ngati shape iliyonse ili ndi dzina ndi mtundu wosunga, pitani ku abstract.

Ndipo china chimene chimandiwawa, timaphunzitsidwa inheritance ngati kuti ndiye mtima wa OOP, mapeto ake aliyense amangoti extends paliponse pomwe nthawi zambiri kungoika object ina mkati mwa class yako ngati field kumakhala kwabwino kuposa. Ngakhale mu Java mwenimwenimo Stack anaipanga extends Vector, zotsatira zake munthu akhoza kulowetsa chinthu pakati pa stack zomwe siziyenera kutheka nkomwe poti stack ndi yoika ndi kuchotsa pamwamba pokha, mpaka documentation yawo imalangiza kugwiritsa ntchito Deque mmalo mwake.

mkulu_wa_ma_bug:
Zoona achemwali. Aise ukakonza pangako mayeso awa usanapereke, ika ma shape onse mu List imodzi ya Shape, zungulira ndi for loop uziitana area. Ukaona kuti ukufunika instanceof kapena if wofunsa kuti iyi ndi Square kapena Circle, dziwa kuti polymorphism sinagwirebe. Kenako onjezera Triangle, loop ija usaikhudze ngakhale mzere umodzi.

chaka_chachiwiri:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatenga abstract class poti akufunanso mtundu pa shape iliyonse. Triangle walowa loop osaikhudza, koma ndapeza instanceof awiri mu method yosindikiza zotsatira, ndikuwachotsa usiku uno ndi toString.