Giza ya ku Chitakale ikudontha

Mphwanga (Chitakale): Odi pagulu. Giza ija, thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi, imene achimwene anatumiza kuchokera ku Joni taikweza m'denga dzulo, ya malita 150. Koma tikayatsa, kapaipi kena kotulukira kunja kakumadontha madzi. Mmisiri akuti ndigule pulagi titseke. Ndigule?

Malume (Germiston): Usagule, ndipo mmisiriyo umuuze kuti ndakana ndine. Kapaipiko kakuchokera pati? Jambula tione.

Mphwanga (Chitakale): Kakuchokera pa valavu ya pa paipi yolowetsa madzi ozizira, malume.

Malume (Germiston): Basi, ikugwira ntchito yake imeneyo. Madzi akamatentha amafufuma. Malita 150 akafika madigiri 60 amawonjezereka ndi malita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndiye owonjezerawo alowere kuti, thanki ili yotseka? Amatulukira pamenepo, dontho dontho. Ukatseka, mphamvu yonse itsalira m'thanki. Chodetsa nkhawa n'kuona akutuluka osalekeza ngakhale giza itazizira. Zikatero ndiye kuti valavu yalowa mchenga kapena yatha.

Alamu (Cape Town): Palinso valavu ina pathupi pa giza penipeni, ija timati safety valve. Imatseguka madzi akayandikira kuwira kapena mphamvu ikapyola muyeso, monga thermostat, kachipangizo kozimitsa moto madzi akatentha mokwanira, ikafa elementi n'kumangotenthetsa. Paipi yake ikhale ya kopa, pulasitiki imalobodoka ndi madzi otere. Izitsetsereka njira yonse mpaka kunja, osaikapo mpopi kapena chotsekera chilichonse, ndipo kukamwa kwake kuloze pansi, kumene ana sasewerako.

Achemwali (Pretoria): Kwa abwana anga kuno ina inaphulika usiku, siling'i yonse gwa! pabedi la alendo. Mwayi munalibe munthu. A inshuwalansi atabwera sanafunse zambiri, anangoti pepala la pulamba lili kuti.

Alamu (Cape Town): Eya, kuno lamulo lake ndi SANS 10254, ndipo satifiketi amasainira ndi pulamba wolembetsedwa ku PIRB, bungwe lolembetsa mapulamba. Ife aganyu timagwira sipanala, wosaina ndi bwana. Kumudzi palibe adzakufunse pepalalo mphwanga, koma madzi owira ndi omwewo.

Wa ku Luchenza (Durban): Inu mukuthamangira mavalavu, ine funso langa n'lakuti gizayo yakhala pa chiyani? Ikadzaza, madzi okha ndi makilogalamu 150, matumba atatu a simenti, osawerengera chitsulocho. Nyumba zathu zija timakhoma ndi bulugamu wosauma. Ikhale pamwamba pa khoma, pamatabwa ochindikala, ndipo pansi pake pakhale thireyi yokhala ndi paipi yakeyake yotulukira kunja.

Mphwanga (Chitakale): Ili pamwamba pa khoma la bafa. Thireyi ilipo koma paipi sitinalumikize.

Wa ku Luchenza (Durban): Ndiye mwaika beseni m'denga. Lumikizani.

Malume (Germiston): Pachithunzi chako sindikuona ma vacuum breaker, timavalavu tolowetsa mpweya kuti madzi asayamwidwe m'giza. Amafunika awiri, wina ku paipi yozizira wina ku yotentha, aliyense pa kapaipi koimirira masentimita 30 pamwamba pa giza. Madzi a Water Board akasiya, paipi imayamwa madzi a m'giza kubwerera m'mbuyo. Elementi ikatsala pouma magetsi ali oyaka, imapsa nthawi yomweyo. Kwathu kuja madzi amatha kuchoka usiku, magetsi n'kubwera nonse muli mtulo.

Alamu (Cape Town): N'chifukwa chake poyamba penipeni sumayatsa. Tsegula mpopi wa madzi otentha, uzimva ukutsokomola mpweya, udikire mpaka madzi azituluka mosadukiza. Ukatero pita ku swichi.

Wa ku Bvumbwe (Johannesburg): Za magetsi ndilankhuleko ine. Musailowetse pa soketi ngati ketulo. Elementi ya 3 kW ikufuna waya wakewake kuchokera ku bokosi, breaker yake, ndi isolator pafupi ndi giza, yoti munthu ali m'denga azimitse asanagwire kanthu. Waya wa earth ugwire thupi la giza ndi mapaipi a kopa onse awiri. Apa itanani wamagetsi wa laisensi, osati mmisiri wa pulagi uja.

Achemwali (Pretoria): Nanga osangotsitsa moto kuti mayunitsi a ESCOM azichedwa kutha? Amayi amadandaula kale.

Wa ku Bvumbwe (Johannesburg): Isiyeni pa 60, achemwali. Madzi ofunda chabe amaswetsa tizilombo totchedwa Legionella toyambitsa chibayo. Kusunga mayunitsi n'kukutira mapaipi otentha, makamaka mu June kukawomba chiperoni. Kungoti madzi a 60 amawaula khungu, mwana asatsegule yekha.

Wa ku Luchenza (Durban): Ine ndikanaika ya sola, nkhani ya mayunitsi ithe.

Malume (Germiston): Ndi mitambo ya pansi pa phiri ija? Nayonso imafuna elementi, ndipo mavalavu ndi omwewa. Mphwanga, werenga chizindikiro cha pa giza, pa muyeso wa mphamvu ya madzi palembedwa 400 kPa kapena 600? Nambala ya pa valavu yolowetsa madzi isapose ya pa giza.

Mphwanga (Chitakale): Giza 600, valavu 400.

Malume (Germiston): Zili bwino. Zimitsa pa breaker mpaka zotsalazi zitatheka. Ma vacuum breaker ukayang'ane m'mahadiweya a ku Limbe, akasowa ndipatsira transipota wonyamuka Lachisanu.

Achemwali (Pretoria): Malume, transipotayo ali ndi malo a chikwama chimodzi? Ndili ndi mabulangete a amayi.